Mafakitale Opanga Ndeke, Zida za Nkhondo ndi Zombo mu South Africa

Pa maiko onse a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara, dziko la South Africa ndilo liri ndi mafakitale aakulu koposa opanga zida za nkhondo. Dzikoli limapanga mizinga, zipolopolo, magalimoto a asilikali, ziwalo za ndeke ndiponso zombo za pa nyanja ya mcere. Nchito imeneyi inakula m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho, pamene zidazo zinali kuloza maiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Zambia. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, zina mwa zida zomwezo zinayamba kugwira nchito yosungitsa mtendere mu Africa, koma makampani a boma amene amazipanga akumana ndi mavuto aakulu a ndalama ndi a ziphuphu.

Ciyambi cake

Mu 1963 bungwe la United Nations linapempha maiko kuti aleke kugulitsa zida ku South Africa cifukwa ca tsankho. Pempho limeneli silinali lokakamiza, ndipo maiko ena anapitiriza malonda. Boma la ku Pretoria linaona kuti tsiku lina misika idzatsekeka, motero linayamba kukonzekera. Mu 1965 kampani ya Atlas Aircraft inakhazikitsidwa ku Kempton Park, pafupi ndi Johannesburg, ndipo inayamba kupanga ndeke za Impala ndi cilolezo ca kampani ya ku Italy. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe la Armscor kuti liziyang'anira kapangidwe ka zida.

Mu November 1977 United Nations inaika ciletso cokakamiza dziko liri lonse. Kuyambira pamenepo Armscor inali kupanga zimene inatha kupanga, ndipo zimene sinathe inali kuzipeza mwakabisira kudzera m'maiko ena. Pofika mu 1989 anthu opitirira 130,000 anali pa nchito m'mafakitale a zida ndi m'makampani amene anali kuwaperekera katundu.

Zida za nthawi ya tsankho

Nkhondo ya ku Angola ndi ku Namibia ndiyo inali kulamula mtundu wa zida zofunika. Mitunda inali itali-itali, misewu inali ya mcenga, ndipo mabomba okwirira pansi anali ponseponse. N'cifukwa cake akatswiri anapanga magalimoto monga Buffel ndi Casspir, amene kunsi kwao kunapangidwa mosongoka ngati cilembo ca V. Bomba likaphulika pansi pa galimoto yotere, mphamvu yake imapatukira m'mbali m'malo molasa anthu amene ali m'kati. Patapita zaka, asilikali a America anatengera nzeru yomweyi pa nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan. Koma kwa anthu akuda a m'makomboni monga Soweto, Casspir inali cizindikiro ca nkhanza za apolisi.

Anapanganso mzinga wa G5, umene kukamwa kwake ndi mamilimita 155, ndi mzinga wa G6 umene umayenda wokha pa mawilo. Mizinga imeneyi inagwira nchito pa nkhondo ya Cuito Cuanavale mu 1987 ndi 1988. Popeza sakanatha kugula ndeke zatsopano, anakonzanso ndeke za Mirage za ku France n'kuzicha Cheetah, ndipo helikopita ya Puma inasanduka Oryx.

Zambia inalawako mphamvu imeneyi cifukwa inali kusunga omenyera ufulu. Pa 19 May 1986 asilikali a South Africa anaukira Zambia, Zimbabwe ndi Botswana tsiku limodzi, ndipo ndeke zao zinaponya mabomba ku Makeni, pafupi ndi Lusaka. Mu April 1987 analowanso mu Livingstone ndi kupha anthu.

Cinsinsi cacikulu cinaululika mu March 1993, pamene mtsogoleri wa dzikolo a F.W. de Klerk anauza nyumba ya malamulo kuti South Africa inapanga mabomba 6 a nyukiliya ndipo inawaphwasula onse. Dzikoli linali litasaina kale pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1991.

Denel ndi malamulo atsopano

Mu April 1992 mafakitale a Armscor anapatulidwa n'kukhala kampani ya boma yochedwa Denel. Armscor inatsala ndi nchito yogulira asilikali zida, ndiponso imayendetsa malo okonzerako zombo za nkhondo ku Simon's Town. Ciletso ca United Nations cinacotsedwa mu May 1994. Mu 1995 boma la a Nelson Mandela linakhazikitsa komiti ya nduna yoona za malonda a zida, ndipo lamulo lake linapangidwa mu 2002. Kampani iri yonse yofuna kugulitsa zida kunja imayenera kutenga cilolezo ku komiti imeneyi, imene imayenera kuganizira ngati dziko logulalo limalemekeza ufulu wa anthu. Mabungwe omenyera ufulu akhala akudandaula kuti zilolezo zina zinaperekedwa ku maiko amene anali kumenya nkhondo ku Yemen.

Nkhondo itatha, boma linacepetsa ndalama za citetezo, ndipo anchito zikwi zambiri anacotsedwa. Makampani amene anapulumuka ndi amene anapeza misika kunja. Mizinga ya G6 inagulitsidwa ku Oman ndi ku United Arab Emirates, ndipo mzinga woombera ndeke wochedwa Umkhonto unagulidwa ndi dziko la Finland kuti uikidwe pa zombo zake.

Ndeke

Cida cochuka koposa ca Denel ndi helikopita ya nkhondo ya Rooivalk, imene inauluka koyamba mu February 1990. Gulu la asilikali a m'mlengalenga linagula 12 cabe, ndipo palibe dziko lina limene linaigula. Rooivalk inamenya nkhondo yake yoyamba mu November 2013 kum'mawa kwa Congo DR, pothandiza gulu la United Nations la asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi kugonjetsa zigawenga za M23.

Pali makampani enanso amene si a boma. Aerosud ya ku Pretoria imapanga ziwalo za ndeke za Airbus ndi Boeing. Paramount, imene inayamba mu 1994, inapanga magalimoto a nkhondo ndi ndeke yaing'ono yolondera ya Mwari. Sling Aircraft ya ku Johannesburg imapanga ndeke zazing'ono zimene zimagulidwa m'maiko ambiri. Pa nkhani ya m'mlengalenga, setilaiti yoyamba ya dzikoli, SUNSAT, inapangidwa pa yunivesite ya Stellenbosch ndipo inaponyedwa mu 1999. Malonda a zida zonsezi amaonetsedwa zaka ziwiri ziri zonse pa cionetsero cimene cimacitikira pa bwalo la ndeke la asilikali la Waterkloof.

Zombo

Zombo zimapangidwa makamaka ku Durban ndi ku Cape Town. Combo cacikulu ca nkhondo cimene cinapangidwa m'dzikomo ndi SAS Drakensberg, conyamula mafuta ndi katundu wa zombo zinzake. Cinapangidwa ku Durban ndipo cinayamba nchito mu 1987. Ku Durban komweko kunapangidwa zombo 9 zokoka ndi kukankha zombo zazikulu m'madoko a kampani ya Transnet. Ku Cape Town, kampani ya Damen inapangira asilikali zombo 3 zolondera m'mphepete mwa nyanja. Coyamba, SAS King Sekhukhune I, cinaperekedwa mu 2022. Nchito yake ndi kugwira osodza nsomba popanda cilolezo ndi ozembetsa katundu. Mzinda wa Cape Town ndi wochukanso pa kupanga mabwato a matanga okhala ndi mimba ziwiri, amene ambiri amagulitsidwa kunja. Kampani yaikulu pa nchitoyi ndi Robertson and Caine.

Ziphuphu ndi kugwa kwa Denel

Mu 1999 boma linasaina mapangano ogula zida za ndalama pafupifupi R30 biliyoni kucokera ku Ulaya: zombo zazikulu 4 ndi zombo zoyenda pansi pa madzi 3 za ku Germany, ndeke za Gripen za ku Sweden, ndeke za Hawk za ku Britain ndi mahelikopita a ku Italy. Malonda amenewa anadzetsa milandu ya ziphuphu. Mu 2005 a Schabir Shaik, amene anali mlangizi wa zacuma wa a Jacob Zuma, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Komiti yofufuza ya woweruza a Seriti inanena mu 2016 kuti sinapeze umboni wa ziphuphu, koma khoti lalikulu linafafaniza zotsatira zake mu 2019 ponena kuti sinafufuze mokwanira.

Denel nayonso inagwa m'manja mwa anthu ogwirizana ndi banja la Gupta, monga mmene komiti ya woweruza a Raymond Zondo inapezera. Pofika mu 2020 kampaniyi inali kulephera kulipira malipiro athunthu, ndipo mainjiniya ambiri anasiya nchito, ena n'kupita ku maiko a Aluya. Mbali imene inalimba ndi Rheinmetall Denel Munition, yopanga zipolopolo ndi mabomba, imene kuyambira mu 2008 magawo 51 pa 100 ali m'manja mwa kampani ya ku Germany. Nchito yake ndi yoopsa: mu September 2018 anchito 8 anafa pamene fakitale yake ya ku Somerset West inaphulika.

Cifukwa cake nkhaniyi ikhudza cigawo conse

South Africa tsopano imaika ndalama zosakwana gawo limodzi pa magawo 100 a cuma cake ku citetezo. Zotsatira zake n'zakuti ndeke ndi zombo zambiri zakhala zikuima cifukwa cosowa ziwalo ndi okonza. Maiko a SADC, mmene Zambia ndi membala, amadalira kwambiri asilikali ndi zida za South Africa akatumiza gulu losungitsa mtendere. Mu January 2025 asilikali 14 a dzikoli anafa pomenyana ndi M23 pafupi ndi Goma, ndipo aphungu ambiri anadandaula kuti asilikaliwo analibe ndeke zowateteza. Gulu la SADC linabwerera kwao m'caka comweco. Mu 2025 boma linaika Denel pansi pa unduna wa za citetezo, ndi colinga cakuti kampaniyi ibwerere pa nchito yake yaikulu yopangira asilikali zida ndi kuzikonza.