Pamene anthu a ku Mwima analowa m'sewero

Munthu akatchula Balaka, ambiri amayamba kuganiza za magitala. Amakumbukira Alleluya Band yomwe inayamba mu 1978, amakumbukira Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius Banda, ndi oimba ambirimbiri amene anadutsa m'manja mwawo. Za zisudzo sizitchulidwa konse. Komatu pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi pali malo otchedwa Mwima, pomwe mu 1985 panayambika ntchito imene inasintha kachitidwe ka zisudzo m'Malawi muno, mpaka kukhudza mmene wochita zisudzo wa lero amapezera ndiwo.

Nthawi imeneyo Mwima anali m'boma la Machinga, pakuti Balaka anadzakhala boma pa yekha mu 1998. Ochita zisudzo amene anafika kumeneko anachokera ku Zomba, ku Chancellor College. Anali ophunzira a gulu la Travelling Theatre, motsogozedwa ndi aphunzitsi awo, a Chris Kamlongera ndi a David Kerr.

Gululi linali litakhalako kuyambira cha m'ma 1970, ndipo linakula kwambiri m'zaka zimene a James Gibbs ankaliyendetsa. Koma masewero ake ambiri anali a m'Chingerezi, ochitikira m'maholo a sukulu za sekondale. Mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM, womwe unayamba mu 1969, nawo unali wa Chingerezi chokhachokha, popeza cholinga chake chinali kunola ana pa chilankhulocho. Mwana waluso ankaloweza mawu, kuvala jekete la bambo ake, n'kuyankhula mokweza kuti oweruza amve katchulidwe. Pamwamba pa zonsezi panali lamulo la 1968 lokhazikitsa Censorship Board: sewero lililonse loti lionetsedwe pagulu linkayenera kuyamba lawerengedwa ndi akuluakulu a bungweli, ndipo mzere umene sunawakomere ankaudula. Munthu wa kumudzi zisudzo za m'chilankhulo chake ankazimvera pa wailesi ya MBC, kwa akatswiri ngati Smart Likhaya Mbewe wa Kapalepale. Ankaseka, koma wailesi sungaiyankhe.

Kusintha kunayambira ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, kumene gululi linayesa kupanga masewero osalemba, ochokera pa zimene anthu a m'deralo anawauza. Maganizo amenewa sanali a ku Malawi kokha. Ku Botswana kunali Laedza Batanani kuyambira 1974, ku Zambia kunali Chikwakwa, ndipo ku Kenya anthu a ku Kamiriithu anadzimangira bwalo lawo la zisudzo pamodzi ndi Ngugi wa Thiong'o. Za ku Kenyako zinatha moipa: Ngugi anamangidwa mu December 1977, ndipo bwalolo boma linaligwetsa mu 1982. Aphunzitsi a ku Zomba ankadziwa bwino kuti kupatsa anthu wamba mpata woyankhula pagulu, m'dziko la chipani chimodzi, si nkhani yamasewera.

Khomo linatseguka kudzera ku zaumoyo. Pansi pa ofesi ya zaulimi ya Liwonde ADD panali nthambi yoona za umoyo wa anthu m'midzi, yothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. Linali khumbo la dziko lonse lapansi nthawiyo, kutsatira msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978, kuti matenda azipewedwa kumudzi komweko, anthu eni ake akutengapo mbali. Koma alangizi a zaumoyo anali atatopa. Ankaitanitsa msonkhano, anthu n'kubwera chifukwa amfumu ndi atcheyamani alamula, n'kumvetsera za zimbudzi ndi madzi aukhondo, n'kuwomba m'manja, n'kubalalika. Matenda otsegula m'mimba, kolera ndi malungo ankapitirira kutenga ana. Apa mpamene a nthambiyo anapempha anthu a zisudzo kuti ayeseko njira yawo ku Mwima, kenako ku Mbela.

Njirayo inali yotere. Ochita zisudzo sankafika ndi sewero m'thumba. Ankayamba ayenda m'mudzi, kukhala pakhonde ndi agogo, kutsatira amayi ku chitsime, kucheza ndi anyamata pa golosale, kufunsa ndi kumvetsera. Madzulo ankasonkhana n'kuunjika zimene amva: chitsime chili pati, ndani amatunga poyamba, chifukwa chiyani chimbudzi chikagwa ndi mvula sichikumbidwanso, chipatala chili kutali bwanji kwa mayi wa mwana wodwala. Pa zimenezi ankamanga mafupa okha a nkhani. Mnofu wake unkapezeka pabwalo.

Pabwalopo panalibe nsanja, panalibe nsalu yotchinga, panalibe magetsi. Anthu ankakhala mozungulira, ana kutsogolo pafumbi, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, amfumu pampando. Sewero linkayamba ndi nyimbo zimene eni mudzi amazidziwa kale, kuti aliyense alowe ndi mawu ake. Ndiyeno nkhani ikafika pothina, mwachitsanzo mwamuna ndi mkazi akukangana za mwana amene wadwala atamwa madzi a pachitsime chosasamalika, wosewerayo ankatembenuka, kuyang'ana munthu mmodzi m'gulumo, n'kumufunsa maso ndi maso kuti iye akuona kuti wolakwa ndani. Sankafunsa mwamwambo chabe. Ankadikira yankho. Mayi wina akayankha, bambo wina n'kutsutsa, wosewerayo ankatenga mawu a onse awiri n'kuwabweza m'sewero, akadali bambo wa mwana uja, osavula khalidwe lake.

Luso limeneli ndi lovuta kuposa kuloweza masamba makumi atatu. Wosewera ayenera kumva Chichewa cha anthu, osati cha m'kalasi. Ayenera kudziwa nthawi yoseketsa ndi nthawi yokhala chete. Ayenera kuzindikira kuti mayi amene wayang'ana pansi ali ndi mawu, koma akuopa apongozi ake amene akhala chapafupi. Akachedwa pang'ono, sewero lasanduka msonkhano. Akafulumira, watseka anthu pakamwa. Amene anaonerapo wosewera wabwino akugwira bwalo la anthu mazana popanda chimkuzamawu amadziwa kuti ndi ntchito yotulutsa thukuta.

Anthu a kuno sanali alendo pa zoyerekeza. Dera la Machinga ndi Balaka, komwe Ayao ndi ambiri, ndi kwawo kwa beni, gule amene amuna amavala ngati asilikali n'kumatsanzira perete, wina mkulu wa asilikali, wina wonyamula mfuti yamtengo. Ndi kwawo kwa manganje otulutsira anamwali. Ndipo mwana aliyense amadziwa kuti wokamba nthano sapitirira ngati omvera sakuvomera. Chachilendo chinali chakuti nkhani ya pabwalo inali ya chitsime chawo chomwe, ndipo ankaloledwa kuiweruza pamaso pa atsogoleri. M'zaka zimene mawu olakwika pa msonkhano ankatha kumufikitsa munthu m'manja mwa ayufi kapena apayoniya, sewero linapereka pobisalira: munthu ankadzudzula bambo wa m'sewero, aliyense n'kumva amene akunenedwa.

Zokambirana zikatha, mudzi unkasankha komiti ya zaumoyo, n'kugwirizana zochita: kukonza ndi kuteteza zitsime, kukumba zimbudzi, kuumba timasilabu ta simenti toika pamwamba pake. Patapita nthawi anthu a m'midzimo anayamba kupanga okha magulu a zisudzo. A Kamlongera ndi a Ezekiel Kalipeni, polemba za ntchitoyi mu 1996, anaonetsa kuti ukhondo ndi umoyo wa anthu ku Mwima ndi ku Mbela unasintha mooneka. Zonsezi zinkachitika mphepo ya ndale ikuwomba koopsa: mu September 1987 mnzawo wa pa koleji pomwepo, mlakatuli Jack Mapanje, anatengedwa ndi apolisi ku Zomba, osatuluka mpaka 1991.

Chaka chomwecho cha 1987, ku Blantyre kunkabadwa mtundu wina wa wochita zisudzo. Du Chisiza Jr, wobadwa mu 1963, amene anatchuka akadali pa sukulu ya HHI ndi sewero lake la The Deceased's Attack mu 1982, anabwerako ku America n'kukhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Iye anafuna kuti zisudzo zikhale ntchito yodyetsa munthu: holo, chitseko, tikiti. Ankalemba yekha, kutsogolera yekha, n'kusewera yekha mbali yaikulu, makamaka m'Chingerezi, ndipo anthu ankadzaza French Cultural Centre kukaona masewero ngati Papa's Empire ndi Educating Mwalimu. Mbali ina kunali Kwathu Drama Group, yosewera m'Chichewa, momwe munatuluka John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, anthu awiri amene ankangoti akaima pamodzi holo yonse yayamba kale kuseka. Awa ankadalira ndalama ya pakhomo. A ku Mwima aja ankadalira thumba la pulojekiti. Njira ziwirizi zakhala zikuyenda moyandikana mpaka lero, ndipo yachiwiriyi ndi imene yalemba ntchito anthu ochuluka.

Machinga anadzakhalanso poyesera kachiwiri. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma m'boma lomweli, linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma atsikana ankasiyabe sukulu msanga. Pulogalamu ya GABLE, yothandizidwa ndi USAID, inayambitsa kampeni yolimbikitsa maphunziro a atsikana, ndipo inayamba kuiyesa ku Machinga. Ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College anabwereranso m'midzi, kugona komweko, kufunsa za chinamwali, za maukwati a ana, za ntchito zapakhomo zimene zimamugwira mtsikana m'mawa mnyamata atapita kale, n'kuzibweretsa pabwalo. Kampeniyo inafalikira dziko lonse, ndipo mwa anthu amene anaigwira munatuluka bungwe la CRECCOM ku Zomba mu 1999.

Chaka cha 1999 n'chosaiwalika kwa anthu a zisudzo. Du Chisiza anamwalira pa 24 February, ali ndi zaka 35 zokha. Pa 1 April Television Malawi inayamba kuulutsa. Katswiri amene anadzaza maholo kwa zaka khumi ndi ziwiri anaphonya kanema wa dziko lake ndi milungu isanu. Gertrude Kamkwatira anapitiriza Wakhumbata asanayambitse Wanna-Do, naye n'kumwalira mu 2006.

Amene kanemayo anamukweza kwambiri anali munthu wa njira ya mabungwe ija. Michael Usi, wa ku Mulanje, wogwira ntchito ku ADRA Malawi, anakhala Manganya wa mu Tikuferanji, sewero lolankhula za Edzi ndi makhalidwe a anthu, pa wailesi ndi pa kanema. Kaseweredwe kake, kosamangika ku mawu olembedwa, kotola nkhani imene ili m'kamwa mwa anthu sabata imeneyo, n'kapachibale ndi ka pabwalo la kumudzi. Kutchuka kumeneko kunamutsegulira njira ya ndale: anakhala nduna mu 2020, ndipo mu June 2024 analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Mafilimu nawo anabwera. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life, momwe Tapiwa Gwaza anapata mphoto ya AMAA mu 2010, kenako The Last Fishing Boat mu 2012, yojambulidwa ku Mangochi, kumapeto kwa msewu womwe uja wodutsa pa Mwima. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe.

Koma pali chinthu chimene chinatayika panjira, ndipo n'chopweteka. Mabungwe ataona kuti zisudzo zimakoka anthu, ambiri anatenga chikopa n'kusiya nyama. Lero gulu la achinyamata limaitanidwa, kupatsidwa uthenga wolembedwa kale ku ofesi, kukwezedwa pa lole ya zimkuzamawu tsiku la msika ku Ntaja kapena ku Ulongwe, kuseketsa anthu mphindi makumi awiri alendo olemekezeka asanayankhule, n'kulandira alawansi. Funso likafunsidwa kwa oonerera, yankho lake limakhala lodziwika kale. Palibe amene wagona m'mudzimo, palibe amene watsatira amayi ku mjigo. Achinyamatawo sitingawadzudzule, pakuti maholo olipiritsa anachepa, French Cultural Centre inatsekedwa mu 2011 n'kuonongeka, ndipo John Nyanga anapita mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Wosewera ayenera kudya. Komabe chimene chinapatsa mphamvu ntchito ya ku Liwonde chinali nthawi yomvetsera ija, ndipo ndi imene opereka ndalama amayamba kuidula akamachepetsa bajeti.

Mbiri ya Mwima ndi Mbela inalembedwa, koma m'Chingerezi: m'buku la a Kamlongera la 1989, m'buku la a Kerr la African Popular Theatre la 1995, ndi m'magazini a m'mayunivesite. Ophunzira a zisudzo m'maiko ena amaiwerenga. Anyamata ndi atsikana a m'midzimo amene anaimirira pabwalo zaka zimenezo, amene akalipo, tsopano ndi agogo. Luntha TV, ya ansembe a chipani cha Montfort, yakhala ikuulutsa kuchokera pa Balaka pomwepo kuyambira 2007, ndipo ku Zomba kukadali dipatimenti yophunzitsa zisudzo. Kamera imodzi ndi wofunsa wodziwa Chiyao ndi Chichewa akhoza kuwapeza agogowa mvula ya chaka chino isanagwe, n'kuwafunsa mbali imene ankasewera ndi zimene amfumu ananena sewero litatha.