Mpingo Umene Unabadwira m'Komboni ya Mgodi

Ambiri timaganiza kuti mbiri ya mpingo uliwonse kuno kwathu imayamba ndi mzungu womanga msasa pansi pa mtengo. Ku Kopala sizinayende choncho, ndipo ndimafunitsitsa ana athu a ku Kitwe ndi ku Ndola aidziwe nkhaniyi, chifukwa ndi ya makolo awo.

M'zaka za m'ma 1920, mkuwa wambiri utapezeka ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga, amuna anakhamukira kuno kuchokera mbali zonse. Panali Alunda a ku Mbereshi, Abemba a ku Lubwa, Alozi, Angoni ndi Achewa a ku Fort Jameson, komanso a ku Nyasaland ophunzira ku Livingstonia, Bandawe ndi Blantyre. A ku Nyasalandwa, pokhala odziwa kulemba, ambiri ankalembedwa ukalaliki, ukapitawo ndi ntchito za m'chipatala. Amishonale nthawiyo anali otanganidwa kumidzi. Komboni ankayiona ngati malo ongodutsa, oti munthu apezeko ndalama ya msonkho n'kubwerera kwawo.

Koma munthu sasiya Mulungu wake pamudzi. Cha m'ma 1925, Akhristu a ku Ndola, pafupi ndi mgodi wa Bwana Mkubwa, anayamba kusonkhana okha. Anasankha akulu a mpingo, anasonkha ndalama pa malipiro awo ochepawo, anamanga nyumba yopemphereramo, nayamba kupita kukalalikira m'midzi ya Alamba. Mpingo umenewu ndi umene unadzatchuka ndi dzina loti Union Church in the Copperbelt. Pa ubatizo ndi Mgonero ankaitana A. J. Cross, mbusa wa Baptist wa ku Kafulafuta. Iye anali wa mpingo wobatiza pomiza, ambiri mwa iwo anali obatizidwa ndi madzi a pamutu, koma anadya pa gome limodzi. Zimene zinagawa Akhristu ku Ulaya kwa zaka mazana zinalephera kugawa anthu ogona m'chipinda chimodzi ndi kulandira phoso pa mzere umodzi.

Agogo anga aamuna anafika ku Nkana ali mnyamata, kuchokera kumudzi kwathu pafupi ndi Chipata. Pa zonse ankatisimbira, sindikumbukira atatchulapo ulaliki ngakhale umodzi. Ankakamba za bambo wina Mtonga wa ku nyanja amene anawaona atasokonezeka pa siteshoni, n'kuwatenga kukagona kwake mpaka atalembedwa ntchito. Ankakambanso za maliro a munthu wochokera kutali, wopanda mbale, amene Akhristu anamusambitsa, kumukumbira manda, kenaka kalaliki wina n'kulemba kalata yodziwitsa kwawo. Potsiriza nkhani zotere ankati, "Mulungu analipo m'komboni, mwana wanga, tinkachita kumuona." Agogo aakazi nawo anali ndi umboni wawo: tsiku lililonse amuna awo akatuluka pansi ali amoyo, ankayamika asanapakule nsima. Wina anganene kuti kutuluka mu mgodi ndi chinthu wamba. Akazi a ku Mufulira, kumene anthu 89 anafera pansi mu September 1970, sanganene choncho.

Mpingo wa Union Church uja unayesedwa msanga. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1931, Bwana Mkubwa inatsekedwa, anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, ndipo mipingo ina inatsala ndi anthu owerengeka. Sunafe. Mu 1932 bungwe la International Missionary Council linatuma J. Merle Davis ndi anzake kudzafufuza moyo wa m'migodi, ndipo lipoti lawo linadzutsa mabungwe a mishoni. R. J. B. Moore wa London Missionary Society anadzakhala ku Mindolo, kenaka mu 1936 mishoni zingapo zinagwirizana kupanga United Missions in the Copperbelt, motsogozedwa ndi Cross yemwe uja. Anabwera kudzathandiza kulima munda umene eni ake anali atauswa kale mphanje.

Umboni wa m'komboni sunathere pa nyimbo ndi pemphero. Pa sitalaka ya 1935 anthu asanu ndi mmodzi anaphedwa ndi mfuti ku Luanshya, ndipo mu 1940 asilikali anapha anthu 17 ku Nkana. Moore analankhula poyera za malipiro ochepa ndi kunyozedwa kwa anthu akuda, ndipo eni migodi sanakondwere naye. Akhristu anayamba kuzindikira kuti Mulungu amene amatulutsa munthu wamoyo pansi amasamalanso za ndalama imene munthuyo walandira pa thukuta lake.

Umodzi umene unayambira m'komboni unakula. Mu 1945 Union Church inalumikizana ndi mipingo ya London Missionary Society ndi Church of Scotland. Mu 1958 Mindolo Ecumenical Foundation inatsegulidwa ku Kitwe, n'kumaphunzitsa amayi, achinyamata ndi olemba nkhani ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Pa 16 January 1965, pa Mindolo pomwepo, a Methodist ndi mpingo wa ku Barotseland atalowamo, panabadwa United Church of Zambia.

Ine ndinakula nthawi ya mavuto ena. Matenda a Edzi anavuta m'zaka za m'ma 1990, migodi ya ZCCM inagulitsidwa, ndipo abambo ambiri a ku Wusakile ndi Chamboli anakhala pakhomo opanda ntchito. Ndinaona amayi a Chigwirizano ndi anzawo a Chikatolika akulowa m'nyumba zimene abale ankaopa, atanyamula ufa pang'ono ndi sopo, akuchapa zofunda za odwala. Palibe amene anawalemba m'buku, monganso palibe amene analemba dzina la Mtonga wa pa siteshoni uja.

Masiku ano pa misika ya Chisokone ndi Masala zimkuzamawu zimalengeza zozizwitsa usana ndi usiku, ndipo achinyamata athu ayamba kukhulupirira kuti Mulungu amagwira ntchito pokhapo pali phokoso. Ndikuwapempha afunse agogo awo amene akali moyo kuti ndani anawalandira pofika kuno, ndani anaika maliro a mlendo, ndani anagawana nawo ufa ntchito itatha. Akamva mayankhowo adzaphunzira kuona zimene Mulungu akuchita pa mzere wa nyumba zawo lero, ndipo adzadziwanso mbali imene iwo ayenera kugwira.