Figure skating ya akuluakulu ku Britain

Figure skating ndi masewera otsetsereka pa madzi oundana. Wosewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala ngati mpeni kunsi kwake, n'kumazungulira, kudumpha kapena kuvina motsatira nyimbo. Ku Britain masewerawa si a ana okha. Mabwalo ambiri ali ndi makalasi a akuluakulu, ndipo ena mwa ophunzira ndi anthu amene anasamukira m'dzikolo atakula kale, ochokera kumayiko otentha kumene sanapondepo pa ayezi. Chimene chimavuta kawirikawiri kwa munthu wotere si zaka zake, koma kutalika kwa mtunda wokafika ku bwalo, nthawi ndi ndalama.

Mbiri

Bwalo loyamba la ayezi woumitsidwa ndi makina linatsegulidwa ku London mu 1876 ndi John Gamgee, ndipo linkatchedwa Glaciarium. Bungwe loyang'anira masewerawa m'dzikolo linakhazikitsidwa mu 1879. Lero limadziwika ndi dzina loti British Ice Skating ndipo likulu lake lili ku Sheffield. Masewerawa anatchuka kwambiri Jayne Torvill ndi Christopher Dean a ku Nottingham atapambana mendulo yagolide pa Olimpiki ya ku Sarajevo mu 1984.

Mabwalo

Mabwalo alipo a mitundu iwiri. Ena, monga la ku Somerset House ku London, amakonzedwa m'nyengo yozizira yokha ndipo ndi ongosangalalirapo. Wofuna kuphunzira amafunika bwalo la m'nyumba lotsegula chaka chonse. Ku London mabwalo otere ndi monga Alexandra Palace, Streatham, Queens ndi Lee Valley Ice Centre, imene inatsegulidwanso mu 2023 itamangidwa mwatsopano. Kunja kwa London kuli National Ice Centre ku Nottingham, yomwe inatsegulidwa mu 2000, komanso iceSheffield. Bwalo la muyezo wa Olimpiki limakhala lotalika mamita 60 ndi mamita 30 m'lifupi.

Matauni ambiri alibe bwalo, choncho ophunzira ena amayenda ulendo wautali pa sitima kapena pa basi. Bwalo limodzi limagwiritsidwanso ntchito ndi matimu a ice hockey ndi anthu ongobwera kudzasangalala, motero maola a figure skating amakhala ochepa.

Maphunziro oyamba

Oyamba kumene amalowa makalasi a pagulu otchedwa Skate UK, omwe anakonzedwa ndi British Ice Skating. Maphunzirowa ali m'magawo, ndipo mphunzitsi amayesa wophunzira asanamukweze gawo lina. Amayambira pa kuima, kugwa mosadzivulaza ndi kudzuka, kenako kutsetsereka ndi mwendo umodzi, kubwerera chammbuyo ndi kutembenuka. Kugwa kumaphunzitsidwa koyambirira chifukwa wamkulu akagwa motchinjiriza ndi manja amatha kuthyoka pamfundo ya dzanja, ndipo akagwa chagada amamenyetsa mutu.

Pa siteji imeneyi nsapato zobwereka pabwalo pomwepo zimakwanira. Amene akupitiriza amagula zakezake, ndipo zimayenera kuyezedwa kuphazi ndi munthu wodziwa. Nsapato zofewa kwambiri sizigwira akakolo a munthu wamkulu, pamene zolimba kwambiri zimamulepheretsa kupinda mawondo. Chitsulo cha kunsi chili ndi mbali ziwiri zakuthwa zimene zimanoledwa nthawi ndi nthawi, ndiponso mano kutsogolo othandiza podumpha.

Aphunzitsi

Akamaliza makalasi a pagulu, wophunzira amasankha mphunzitsi womuphunzitsa payekha. Aphunzitsi ambiri amadzigwirira okha ntchito pabwalopo, ndipo amalipiritsa potengera nthawi, kawirikawiri mphindi 15 kapena 30. Ndalama ya mphunzitsi imakhala yapadera ndi yolowera pa ayezi. Maphunziro oterewa amachitika kwambiri pa nthawi yotchedwa patch ice, pamene bwalo limasungidwira okhawo amene akuyeserera. Nthawi imeneyi imakonda kukhala m'mamawa anthu asanapite ku ntchito ndi ku sukulu, zomwe zimasautsa ogwira ntchito zausiku kapena zosinthana. British Ice Skating imapereka ziphaso kwa aphunzitsi, ndipo wophunzira angathe kufunsa ku ofesi ya bwalo ngati mphunzitsiyo ali nacho komanso ngati anazolowera kuphunzitsa akuluakulu.

Makalabu ndi mipikisano

Mabwalo ambiri ali ndi kalabu yoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Kalabu imachita lendi ayezi pa maola ake, imakonza zionetsero ndi mipikisano, ndipo kwa mlendo ndi malo opezerako anzake. Wofuna kuyesedwa mayeso a dziko lonse amayenera kukhala membala wa British Ice Skating. Bungweli limakonzanso mpikisano wa akuluakulu, momwe osewera amagawidwa potengera zaka ndi luso, kuti amene anayamba atakula asapikisane ndi amene anayamba ali mwana. Kuyambira mu 2005, bungwe la International Skating Union lakhala likuchititsa mpikisano wa akuluakulu a mayiko osiyanasiyana ku Oberstdorf m'dziko la Germany, ndipo olowa amakhala a zaka 28 kupita m'tsogolo.