Kuphunzitsa ana omwe ali ndi mavuto a m'maganizo ndi khalidwe

Mwa ophunzira ofunika chithandizo chapadera m'sukulu za m'dziko muno muli gulu lina lomwe vuto lake silioneka ndi maso. Awa ndi ana omwe ali ndi mavuto a m'maganizo ndi khalidwe, ndipo kawirikawiri amangotchedwa amwano, aulesi kapena osamva.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi amakhala ndi vuto la m'maganizo.

Akatswiri amagawa mavutowa pawiri. Ena amaonekera poyera: mwana amachita ndewu, amaononga katundu, sakhazikika pa mpando ndiponso satsatira malangizo. Ena ndi obisika: mwana amadzipatula, amakhala mwamantha kapena mokhumudwa. M'kalasi yodzaza, mwana wotereyu ndiye amachedwa kudziwika chifukwa sasokoneza aliyense. Zizindikirozi zimatengedwa kuti ndi vuto pokhapokha zikapitirira kwa nthawi yaitali, kunyumba ndi kusukulu komwe, mpaka kusokoneza maphunziro.

Zoyambitsa zake ndi monga chibadwa, nkhanza, imfa ya makolo, ngozi zogwa mwadzidzidzi monga namondwe wa Freddy wa 2023, komanso matenda. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti ana ena ochira malungo a muubongo amatsala ndi khunyu kapena khalidwe losokonezeka.

Pa chifukwa ichi, mkwapulo ndi kuchotsa mwana sukulu sizithetsa vutoli. Mphunzitsi amayamba ndi kulemba zinthu zitatu: chomwe chinachitika mwana asanalakwe, chomwe anachita, ndi chomwe chinatsatira. Mwachitsanzo, mwana yemwe amayambitsa phokoso nthawi ya kuwerenga ikakwana akhoza kukhala kuti akuthawa manyazi a kulephera kuwerenga. Kumutulutsa m'kalasi n'kumupatsa chomwe amafuna, ndipo mawa lake abwerezanso.

Njira zothandiza ndi kuika malamulo ochepa ndi omveka, kumukhazika mwanayo pafupi ndi mphunzitsi, kumugawira ntchito pang'onopang'ono, ndi kumuyamikira nthawi yomweyo akachita bwino. Makolo ayenera kudziwitsidwa kuti zochitika kusukulu zigwirizane ndi za kunyumba. Vuto likakula, mwana atumizidwe kuchipatala, ndipo ngati pali nkhanza, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'bomalo idziwitsidwe.

Malamulo nawo ali ku mbali ya ana amenewa. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, pomwe lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulaimale. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko yoti ana onse aziphunzira limodzi, ndipo aphunzitsi a maphunziro apadera amasulidwa pa koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu.

Komabe aphunzitsi apaderawa ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha sukulu. Choncho udindo woyamba uli m'manja mwa aphunzitsi a m'kalasi, aphunzitsi aakulu ndi alangizi a maphunziro a m'madera, omwe ayenera kufunsa chayambitsa khalidwe la mwana asanagamule za chilango.