Kuzonda

Kuzonda ndi kupita kukaona munthu wodwala kuti udziwe mmene akupezera. Mawuwa amasokoneza ana ena a Amalawi obadwira ku Zimbabwe, chifukwa m'Chindebele mawu omveka chimodzimodzi amatanthauza kudana ndi munthu. M'Chichewa gwero lake ndi kuyang'anitsitsa. N'chifukwa chake anthu 12 amene Mose anawatuma kukazonda dziko la Kanani amatchedwa azondi.

Kuzonda kumasiyana ndi kucheza wamba. Ku Sunningdale, mu mzinda wa Harare, gogo akasowa m'tchalitchi masabata awiri, amayi anzawo a mpingo wa CCAP amamanga zitenje n'kupita kwawo atanyamula shuga ndi kaufa. Amakhala pamkeka, kufunsa ngati wodwalayo akudya, kuimba nyimbo imodzi motsitsa mawu, kupemphera, mwinanso kutsukako mbale. Uthenga wa pa WhatsApp sufika pamenepo.

Akhristu amatsamira pa Mateyu 25, pamene Yesu akuwerengera kuona odwala ndi akaidi ngati kumuona iye mwini. Sinodi ya CCAP ya Harare, imene inakhazikitsidwa mu 1965, inakulira pakati pa anthu obwera kudzagwira ntchito, omwe abale awo anatsala ku Malawi. Owazonda akadwala anali a mumpingo.