Ubongo, khalidwe ndi mlandu

Nthambi ya maphunziro yoona za ubongo ndi khalidwe imafunsa mafunso awiri: kodi ubongo umatenga mbali yanji pamene munthu akusankha chabwino kapena choipa, nanga ofufuza za ubongo ali ndi malire otani?

Nkhani yotchuka ndi ya Phineas Gage wa ku America. Mu 1848 chitsulo chinamuboola mutu n'kuwononga ubongo wa kutsogolo. Anachira, koma dokotala wake analemba kuti khalidwe lake linasinthiratu.

Kuno kwathu nkhaniyi imaonekera pa malungo ogwira ubongo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza matendawa m'zaka za m'ma 1980. Mu 2010 Gretchen Birbeck ndi anzake anasonyeza kuti ana ena opulumuka amadzayamba khunyu kapena kuvuta khalidwe, ndipo mu 2015 makina ounika m'thupi a MRI anaonetsa kuti ana omwalira amakhala atatupa ubongo kwambiri.

Mwana wopulumuka malungowa akatuluka m'chipatala cha Mzimba kapena cha Embangweni, amabwerera kumudzi akuoneka wochira. Pakapita miyezi sakhazikika m'kalasi, amapsa mtima msanga, amamenya anzake. Ena amati ndi mwano, ena amati walodzedwa. Chikwapu pamenepa n'kulakwira mwana: akufunika dokotala, ndipo aphunzitsi adziwitsidwe za matenda amene anadwala.

Kafukufukunso ali ndi vuto lake. Mwana wokomoka sangavomereze yekha, choncho womuvomerera ndi kholo limene lili ndi mantha. Ofufuza ayenera kulifotokozera m'chiyankhulo chake, monga Chitumbuka ku Mzimba, kuti likakana mwana alandirabe chithandizo chonse.