Felix Mlusu

Felix Mlusu ndi katswiri wa za inshuwalansi wa ku Malawi yemwe adatsogolera kampani ya NICO Holdings kwa zaka zambiri. Adakhalanso nduna ya zachuma kuyambira mu June 2020 mpaka mu January 2022.

Ku NICO

Mlusu adagwira ntchito zaka pafupifupi 40 pakampani imodzi, akukwera maudindo mpaka kukhala mkulu wa gulu lonse. Kampaniyi idayamba mu 1971 ndi dzina loti National Insurance Company, ndipo mu 1996 idakhala yoyamba kugulitsa masheya ake pamsika wa Malawi Stock Exchange.

M'nthawi yake NICO idasiya kudalira inshuwalansi ya m'dziko muno yokha. Idatsegula makampani ku Zambia, Tanzania, Uganda ndi Mozambique, idalekanitsa inshuwalansi ya moyo ndi ya katundu kukhala makampani awiri, NICO Life ndi NICO General, komanso idakhala mwini wamkulu wa banki ya NBS. Mfundo yake njosavuta. Kampani ya inshuwalansi imatolera ndalama lero koma imalipira patapita miyezi kapena zaka, choncho mkulu wake amayesedwa ndi kumene waika ndalamazo pamene zikudikira. Vizenge Kumwenda ndiye adalowa m'malo mwake mu 2016.

Ntchito ya gululi idafikanso kwa alimi ang'onoang'ono. NICO General idagwirizana ndi bungwe la World Food Programme pa inshuwalansi ya mbewu, yomwe idafalikira mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje m'chigwa cha Shire, komwe chilala ndi kusefukira kwa madzi zimasinthana. Pa inshuwalansi yotere kampani siyendera munda uliwonse: imalipira mvula kapena zokolola za dera lonse zikatsika kupyola mlingo womwe adagwirizana.

Unduna

Lazarus Chakwera atapambana pachisankho chobwereza cha pa 23 June 2020, adasankha Mlusu, yemwe sadali phungu wa Nyumba ya Malamulo, kukhala nduna ya zachuma. M'masiku ochepa Mlusu adapereka bajeti yongogwirizira ya miyezi inayi, ndipo bajeti yonse ya 2020/21 idabwera mu September. Pansi pa ndondomekozi malipiro otsikitsitsa adakwera kuchoka pa K35,000 kufika pa K50,000 pamwezi, ndalama yosadulidwa msonkho idachoka pa K45,000 kufika pa K100,000, ndipo alimi adagula thumba la feteleza pa K4,495 kudzera mu Affordable Inputs Programme. Zidali zolemera kwa boma lomwe ndalama zake zidachepa chifukwa cha Covid-19.

Bajeti yake ya 2021/22 idali ya miyezi 9 yokha, chifukwa boma lidasintha chaka chake cha zachuma kuti chiziyamba mu April.

Chakwera adathetsa nduna zake zonse pa 24 January 2022, sabata yomwe namondwe Ana adasakaza chigwa cha Shire ndi kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mlusu sadabwerere, ndipo undunawo udapita kwa Sosten Gwengwe.